Ndinati Ndidziwa Chiswahili: Kodi Linali Bodza?

Pa CV yanga yoyamba panali mzere umodzi umene sindinauganizire ngakhale pang'ono. Ndinali nditangotsiriza Giledi 12, ndipo ndinapita pa kashopu kena kotaipa makalata ku Matero kuti andikonzere pepalalo. Titafika pa mbali ya zitundu, mnyamata wa pa kompyuta anandifunsa zimene ndikamba. Ndinati Chizungu, Chinyanja, Chibemba ndi Chiswahili. Anafunsanso kuti chilichonse ndichidziwa kufika pati, koma ndisanatsegule pakamwa anali atayamba kale kutaipa.

"Tizaika chabe fluent pali vonse," anatero. "Ndiye mwamene bonse bamalembela. Ukalemba basic, ba bwana bazakuona monga ndiwe chipuba."

Ndinalipira, ndinanyamula mapepala anga, ndipo mtima sunanditsutse konse. Ndinali kukhulupirira kuti zolembedwazo ndi zoona. Panapita zaka 2 kuti liu lomwelo, limene ndinalinenanso pakamwa kwa m'bale wanga, lisanduke ngongole.

Chiswahili changa sichinali cha m'kalasi. Tili ana tinakhalapo ku Chaisa, pa yadi imodzi ndi banja lina lochokera ku Lubumbashi. Ana ao tinali kumenya nao chimpombwa, kutumidwa nao ku msika, kudya nao m'mbale imodzi. Chitundu chao chinalowa m'makutu mwanga popanda wondiphunzitsa. Nditakula ndinaonjezera ndi nyimbo za Diamond Platnumz, mafilimu a ku Tanzania, ndi kucheza ndi madalaivala a mathiraki amene anali kuimika pafupi ndi kwathu. Chinandithandizanso n'chakuti Chiswahili ndi Chinyanja n'zapachibale. Nyumba ndi nyumba, moto ndi moto, mbuzi ndi mbuzi, madzi ndi maji. Munthu ukamva mau 10 n'kuzindikirapo 6, otsalawo umadzaza ndi za m'mutu mwako, ndipo nthawi zambiri umalondola. Anzanga anali kunditcha Mswahili, ine n'kumakondwera.

Mu 2019 amai aang'ono, mng'ono wao wa amai anga, analandira chilimba. Iwo agulitsa vitenge ndi nsapato za azimai pa msika wa Soweto, ndipo zaka zonse anali kuoda kwa anzao opita ku Nakonde. Ulendo uno anati afuna akadzionere okha ku Kariakoo, ku Dar es Salaam, kumene katunduyo achokera. Vuto linali la chitundu. Ndiye madzulo ena anabwera kunyumba.

"Iwe, Chiswahili uchiziba zoona, olo ni va nyimbo chabe?"

"Nichiziba, amai. Osada nkhawa."

Anandilipirira ulendo wonse. Tinakwera basi pa Intercity, tinadutsa Kapiri Mposhi, Serenje, Mpika ndi Isoka, tinaoloka boda ya Nakonde kulowa ku Tunduma, kenako Mbeya, Iringa, Morogoro, mpaka kunyanja. Masiku awiri a ku Kariakoo anali a ulemerero wanga. Ndinali kufunsa mitengo, kunenerera, kuseka ndi eni mashopu. Ngakhale misampha ya chitunducho ndinali kuidziwa: kuti kwa iwo kuuza ndi kugulitsa, kucheza ndi kusewera kapena kuvina, ndi kuti munthu akati ninakwenda ndiye kuti ali kupita panopa, sakamba za dzulo monga ife tikati ninayenda. Amai aang'ono anali kundiyang'ana ndi maso onyada. Tinagula mabelo 3 a vitenge ndi thumba lalikulu la nsapato.

Madzulo a tsiku lachiwiri tinapita ku Ubungo kukagula matikiti obwerera ku Tunduma. Anyamata a basi analongeza katundu wathu mu buti usiku womwewo kuti tisavutike naye m'mawa. Pa windo, kalaliki anandiuza kuti basi inyamuka "saa kumi na mbili asubuhi", ndipo pa tikiti analemba ndi bolopeni kuti saa 12. Manambala ndinali kuwadziwa: kumi na mbili ndi 12. Liu lakuti asubuhi ndinali kulidziwanso: ndi m'mawa. Ndipo pomwepo kanthu kenakake kanandigwira mumtima. Kodi 12 koloko ya m'mawa ndiye nthawi yanji? Kukaikira kumeneku ndikukumbukira bwino, sindingakukane. Kumbuyo kwanga kunali mzere wa anthu, kalalikiyo anali ataitana kale wina, ndipo amai aang'ono anali kudikira yankho ndi maso onyada aja. Ndinadziuza kuti mwina kuno masana amawawerengera ku m'mawa. Ndinatembenuka n'kunena ndi mau olimba kuti, "Mailo 12 koloko, amai."

Tinafika pa siteshoni cha m'ma 10:30, tikudziyamikira kuti tafulumira. Basi inali itanyamuka 6 koloko m'mawa, ndipo anatiuza kuti iyenera kuti yafika kale cha ku Morogoro.

Kwa amene simudziwa, monga mmene ine sindinali kudziwira: m'Chiswahili cha ku Tanzania ndi ku Kenya maola amayamba kuwerengedwa dzuwa likatuluka. Imene ife timati 7 koloko m'mawa, iwo amati saa moja, ola loyamba la tsiku. Imene timati 12 koloko masana ndi saa sita. Choncho 6 koloko m'mawa ndi ola la 12 la usiku umene ukutha, saa kumi na mbili. Kusiyana kwake ndi maola 6 nthawi zonse. Mwana aliyense wa ku Dar es Salaam adziwa zimenezi asanayambe sukulu. Ine sindinakumane nazo, chifukwa aneba athu a ku Lubumbashi anali kutchula nthawi m'Chifalansa, ndipo m'nyimbo zachikondi mulibe nthawi yonyamukira basi.

Mdala wina wogulitsa tiyi pa siteshonipo atamva nkhani yathu anapukusa mutu n'kundiuza mwambi wao, kuuliza si ujinga, kutanthauza kuti kufunsa si uchitsiru. Kwathu timati safunsa anadya phula. Tinagulanso matikiti ena, tinalipiranso pogona usiku wina. Titafika ku Tunduma tsiku lotsatira tinapeza mabelo 3 a vitenge atasungidwa mu ofesi. Thumba la nsapato silinaoneke mpaka lero. Sindiimba mlandu aliyense wa pa basiyo: katundu woyenda makilomita mazanamazana popanda mwini wake amatsika paliponse.

Amai aang'ono sanandikalipire. Ndikanakonda akanatero. Anakhala chete ulendo wonse, ndipo titadutsa Mikumi anakamba kamodzi chabe, maso ali pa windo.

"Sininakutenge chifukwa uziba vonse, mwana wanga. Ninakutenga kuti uzinikambila vamene wamvela. Pamene sunamvele unafunika kuniuza. Ine sembe ninafunsa na manja."

Ndalama za nsapatozo zinawatengera miyezi 5 kuti azibweze mu bizinesi, ndipo mwana wao wamkulu anachedwa kulipira fizi ya temu imodzi. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikudzifunsa funso limodzi, ndipo ndifuna tiliganizire pamodzi: kodi ndinanama?

Tikati bodza ndi kunena chinthu ukudziwa kuti si choona, ndiye kuti ku Lusaka sindinaname. Pamene ndinati "nichiziba" ndinali kukhulupirira ndi mtima wonse, ndipo umboni ndinali nao. Ngakhale pa windo ya ku Ubungo wina angandiikire kumbuyo kuti ndinangolakwitsa, pakuti 12 koloko ndi imene ndinaganiza kuti ndamva. Kwa miyezi ingapo ndinali kudzitonthoza choncho. Koma chitonthozocho chinali kulephera pa malo amodzi, pa kamphindi kaja ka kukaikira. Womasulira amanyamula zinthu ziwiri kupita nazo kwa amene amudalira. Choyamba ndi uthenga. Chachiwiri ndi kukula kwa chitsimikizo chake pa uthengawo. Amai aang'ono analibe njira yoyesera uthenga, chifukwa chitunducho sanali kuchimva. Chimene akanatha kumva ndi kulimba kapena kunjenjemera kwa mau anga, ndipo ine ndinawalimbitsa dala. Nambala ndinailakwitsa mosadziwa, koma chitsimikizo ndinachinamizira ndikudziwa. Bodza langa linali pamenepo, ndipo ndinalinena kuti dzina lakuti Mswahili lisandichoke.

Mbali ina ya vutoli ili m'liu lakuti kudziwa. Timafunsana kuti, uziba Chizungu? Uziba Chifalansa? Ngati kuti chitundu ndi NRC, imene munthu uli nayo kapena ulibe. Koma ganizirani mmene timadziwira Lusaka. Ine Matero, Chaisa ndi Kamwala ndingayendemo nditatseka maso. Mukanditula ku Chalala usiku ndidzasochera ngati mlendo wochokera ku Lundazi. Kodi Lusaka ndiidziwa? Inde, koma muyenera kundifunsa kuti mbali iti. Chitundu nachonso chili ndi makomboni ake: cha pa msika, cha ku chipatala, cha ku khoti, cha pa maliro, cha chikondi, cha nthawi ndi maulendo. Munthu angakhale mfumu m'komboni imodzi, koma mwana wotayika m'komboni yoyandikana nayo. Choopsa n'chakuti ukamayenda bwino m'komboni imene uidziwa, palibe chikwangwani chokuuza kuti tsopano watulukamo.

Akatswiri a zitundu anayesa kukonza zimenezi ndi miyeso. Wodziwika kwambiri ndi wa bungwe la Council of Europe, umene unasindikizidwa mu 2001. Uli ndi masitepe 6: A1 ndi A2 kwa oyamba, B1 ndi B2 kwa odziimira paokha, C1 ndi C2 kwa ofika patali. Amene aphunzira Chifalansa ku Alliance Française amakumana nao pa mayeso a DELF ndi DALF. Chimene ndinaukondera muyeso umenewu n'chakuti sufunsa ngati udziwa. Umafunsa zimene ungathe kuchita: kodi ungadzitchule dzina ndi kumene ukhala, ungafotokoze zimene zakuchitikira, ungatsutsane ndi munthu pa nkhani yovuta? Ndipo umayesa kumva, kukamba, kuwerenga ndi kulemba padera padera, chifukwa munthu angakhale patsogolo pa chimodzi, kumbuyo pa chinzake. Nditauwerenga ndinachita manyazi atsopano. Kutha kumvana pa manambala, mitengo ndi nthawi kuli pa A1, sitepe yoyambirira. Ine amene ndinali kunenerera mitengo ngati wa B1 ndinali ndi chibowo pa maziko penipeni.

Koma muyeso umene unandiphunzitsa zambiri ndi wa oyendetsa ndege. Bungwe la ICAO, loyang'anira maulendo a ndege pa dziko lonse, lili ndi masitepe 6 a Chizungu cha pa wailesi ya ndege, ndipo woyendetsa ndege zopita kunja kapena wozilondolera ali pansi ayenera kufika pa sitepe 4. Chimodzi mwa zimene amayesa pa sitepe imeneyi ndi chakuti munthuyo, akaona kuti pali kusamvana, amafunsanso ndi kutsimikizira. Pa nchito yao, woyendetsa ndege akauzidwa malangizo ofunika amawabwereza mokweza kuti womuuzayo amve ngati afika bwino. Ndege iliyonse yotera pa bwalo la Kenneth Kaunda imatera mwa njira imeneyi. Anthu amene anyamula miyoyo ya anzao mazana anagwirizana kuti kufunsanso ndi mbali ya luso. Ine ndinali kukuona ngati umboni wakuti luso palibe. Ndikanangoonetsa kalaliki uja wotchi ya pa foni yanga, masekondi 10 akanakwanira.

Tsopano ndimve mau a mnyamata wotaipa uja, chifukwa sanali kukamba zopusa. Iye anganene kuti: iwe ukamba bwino, koma nchito ili kuti? Mwana wa ku Kanyama kapena ku Chawama akupikisana ndi ana a masukulu olipira, amene Chizungu anayamwira. Onse alemba fluent. Iwe wekha ukalemba zoona, pepala lako ndi limene liponyedwa pansi, ndipo kuona mtima kwako sikudzagula unga. Anganenenso china cholemera kuposa pamenepo: palibe amene anaphunzira chitundu podikira kuti ayambe wachidziwa. Umaphunzira poponya mau amene sunawatsimikize, kulakwitsa, kukonzedwa, kuponyanso. Azimai a pa msika amene amagulitsa kwa Matchaina ndi kwa anthu a ku Congo ndi mau 20 okha akanakhala amanyazi, sakanagulitsa kanthu. Ngati aliyense ayenera kukamba zokhazo zimene watsimikiza, tonse tidzafa ndi chitundu chimodzi.

Mfundo yachiwiriyi ndiivomereza yonse. Kulimba mtima ndi kumene kunandipatsa Chiswahili chochepa chimene ndili nacho, ndipo sindifuna wina awerenge nkhaniyi n'kutseka pakamwa. Chimene ndinaphunzira ndi kudzifunsa funso limodzi ndisanaonetse ngati ndamva: ndikalakwitsa pano, adzalipira ndani? Ngati wolipira ndine, mwa kusekedwa kapena kugula chinthu pa mtengo wokwera pang'ono, ndiye ndiyenera kudumpha malire a zimene ndidziwa tsiku lililonse. Ndi fizi ya sukulu imeneyo, ndipo ituluka m'thumba langa. Koma ngati wolipira ndi wina amene waika ndalama zake, thanzi lake kapena ufulu wake pa makutu anga, ndilibe ufulu wochita njuga ndi zinthu zake iye osadziwa. Kunenerera nsapato ku Kariakoo ndi kumva nthawi ya basi ku Ubungo zinali m'chitundu chimodzi, ndipo zinachitika tsiku limodzi. Kusiyana kwake kunali pa kukula kwa chimene chikanatayika, ndi mwini wake wa chinthucho.

Za CV yankho langa ndi losakoma kwenikweni, pakuti sindingalonjeze kuti kuona mtima kumapezetsa nchito. Ndaona anthu akulowa nchito ndi fluent yabodza, ena mpaka kukwezedwa. Koma taonani chimene chimachitika pambuyo pake. Mnyamata amene analembedwa kukhala womasulira pa kampani ya zomangamanga chifukwa anati adziwa Chitchaina, pamene adziwa moni ndi manambala, tsiku lina adzaima pakati pa bwana ndi wanchito amene akuimbidwa mlandu wakuba simenti. Pamenepo sangathenso kuvomera kuti sanamve, chifukwa nchito yake yonse yaima pa bodza loyamba lija. Adzangopeka, ndipo munthu adzachotsedwa nchito chifukwa cha mau opeka. Liu limodzi lolembedwa pa kashopu kotaipa limakutsekera khomo lonenera zoona pa tsiku limene zoonazo zifunika kwambiri.

Komabe si chilungamo kuika mtolo wonse pa wokamba. Tiyenera kufunsa chifukwa chake mau akuti "sindinamve" ali odula chotere pakati pathu. Kuyambira pa lamulo la maphunziro la 1966, ana a Zambia anali kuphunzitsidwa m'Chizungu kuyambira Giledi 1, ndipo ngakhale kuti mu 2014 zitundu zathu zinabwezedwa m'magiledi oyambirira, ambiri a ife tinakula tikudziwa kuti nzeru zimayesedwa ndi Chizungu. Kusukulu kwathu monitala anali kulemba maina a ogwidwa akukamba Chinyanja, ndipo Lachisanu anali kukalima. Mnzathu akasokoneza l ndi r powerenga, kalasi yonse inali kugwa ndi phwete, ine ndili patsogolo. Mpaka lero munthu akathyola Chizungu pa wailesi kapena pa maliro, mawa lake ali pa Facebook. Mwana woleredwa chotere amaphunzira phunziro limodzi msanga kuposa galamala: gwedeza mutu, usaonetse kuti watsalira. Pa windo ya ku Ubungo sindinali kuopa kalaliki. Ndinali kuopa phwete la m'kalasi lija, limene ine mwini ndinali kuliyambitsa. Amene timaseka anzathu timapanga abodza a mawa, ndipo tsiku lina mmodzi wa iwo adzatimasulira ife.

Phunziro lomaliza linandipeza kumene sindinali kuyembekezera, m'chitundu chimene ndinali kuchitcha changa. Ambuya anga, amai ao a amai, anabwera kuchokera ku Katete akudwala, ndipo ine ndi amene ndinawaperekeza ku chipatala. Dokotala anali wochokera kunja, wokamba Chizungu chokha. Ndinalowa mosaopa. Chizungu ndinakhoza bwino pa Giledi 12, ndipo Chinyanja ndi chimene ndimalota nacho. Dokotala anati ndiwauze kuti ma kidney ao ayamba kufooka, achepetse mchere ndi kuleka kumwa mankhwala opha ululu ogula pa kantemba. Ndinatsegula pakamwa, ndipo liu la Chinyanja la chiwalocho munalibe m'mutu mwanga. Moyo wanga wonse ndinali kungoti ma kidney. Kenako ambuya anayamba kufotokoza m'Chichewa chao cha kumudzi kuti msana uwalasa, thupi lonse laphwanya, ndipo mapazi achita dzanzi. Ine m'Chizungu ndinali ndi liu limodzi la zonsezi, pain, ndipo dzanzi sindinali kulitsimikiza tanthauzo.

Chiyeso chinali chomwe chija. Ndikanati ambuya amva kuwawa paliponse, palibe akanandigwira. Dokotala sakanadziwa zimene ndasiya, ambuya sakanadziwa zimene ndanena. Womasulira ndi munthu yekhayo m'chipinda amene angabe popanda mboni. Koma thumba la nsapato lija linali likali kundilemera. Ndinauza dokotala kuti pali mau awiri amene sindingathe kuwaolotsa bwino, ndipo ndinapempha kuti aitane wina. Anabwera nesi wina wa ku Chipata. Anauza ambuya kuti vuto lili pa impso, iwo n'kugwedeza mutu nthawi yomweyo. Anauzanso dokotala kuti dzanzi si ululu, ndi kufa kwa khungu kwakuti munthu samva bwino akakhudzidwa. Dokotala atamva zimenezo anawapima mapazi n'kulamula kuti awayezenso shuga, ndipo anapezeka nayo. Manyazi anga anatha mphindi ziwiri. Mankhwala amene ambuya akumwa lero anachokera pa liu limene ndinatsala pang'ono kulimeza.

Sindinena kuti Chinyanja chathu cha mu tauni n'chothyoka. Chimagwira nchito yake yonse: timagula nacho, timakondana nacho, timaimba nacho, ndipo chimalumikiza Mbemba, Mtonga, Mlozi ndi Mngoni mu minibasi imodzi. Koma nachonso chili ndi makomboni amene sichifikamo, ndipo ife amene tinabadwira momwemo sitiwaona chifukwa Chizungu chimatseka mabowo tisanawazindikire. Yesani kuwerenga kuchokera pa 1 mpaka 20 osagwiritsa liu la Chizungu. Yesani kutchula ziwalo 5 za m'mimba. Ambiri a ife amene timalemba fluent pa Chinyanja popanda kuganiza tingagwe mayeso amene mwana wa zaka 10 wa ku Chadiza angakhoze.

Tikubwerera kunyumba tsiku limenelo ndinafunsa ambuya kuti iwo akamba zitundu zingati. Sanapite patali ndi sukulu, ndipo pa mafomu a boma amadinda chala. Anawerenga Chichewa, Chinsenga, Chibemba chimene anaphunzira zaka zimene anakhala ku Luanshya, ndi Chikabanga pang'ono, chitundu cha m'migodi chimene ambuya aamuna anali kubwera nacho kunyumba. Ndinawafunsa ngati Chibemba achidziwa bwino.

"Cha pa msika ndi cha pa maliro ndichidziwa, mdzukulu wanga," anatero. "Koma atandigwira n'kupita nane ku khoti, mundipezere wina. Kumeneko liu limodzi limamanga munthu."

Ambuya sanamvepo za A1 kapena C2, koma anandipatsa muyeso wolondola kuposa CV yanga. Anatchula kumene chitundu chao chifika, kumene chithera, ndi chifukwa chake malirewo ali ofunika. Ngakhale malamulo a dziko lathu agwirizana nao: Gawo 18 la Konsitichushoni limapatsa munthu woimbidwa mlandu ufulu wokhala ndi womasulira kwaulere ngati samva chitundu cha m'khoti. Ufulu umenewo ulipo, koma umayamba kugwira nchito pokhapokha munthu atavomera pamaso pa anthu kuti sakumva. Ndimadzifunsa kuti ndi anyamata angati a m'makomboni mwathu amene anagwedeza mutu pamaso pa majisitireti poopa kuoneka osaphunzira.

CV yanga ndinailembanso. Pa Chizungu ndinalemba kuti ndingalembe malipoti ndi makalata a nchito. Pa Chinyanja ndinalemba kuti ndi chitundu changa cha tsiku ndi tsiku, cha mu Lusaka. Pa Chibemba, kuti ndimva zambiri ndipo ndingacheze. Pa Chiswahili, kuti ndingagule, kugulitsa ndi kufunsa njira, koma sindingamasulire mapangano. Mzerewo unatalika, ndipo sindidziwa kuti ndi mabwana angati anauwerenga mpaka kumapeto. Pa intavyu ina mzimai wina anandifunsa chifukwa chake ndinalemba motero, ndipo ndinamusimbira za Ubungo. Anaseka kwambiri. Nchitoyo sanandipatse.

Ndalama za nsapato ndinabweza theka, pang'onopang'ono, ndipo theka linalo amai aang'ono anakana kulandira. Masiku ano amapita okha ku Dar es Salaam kawiri pa chaka. Chiswahili chao sichifika ngakhale pa theka la changa, ndipo amachithyola popanda manyazi. Akagula tikiti amatulutsa foni, amauza kalaliki kuti alembe nthawiyo pa alamu ndi dzanja lake, kenako amaloza kumwamba n'kufunsa ngati dzuwa lidzakhala litatuluka. Anthu a pa mzere amadandaula kuti achedwetsa. Basi sinawasiyepo.